Mapeto a Buku Lako Anapita ndi Kanyenya

Tiyamike mwana wanga,

Wapita kuboma kukaluka tsitsi, ndipo oluka aja ndimawadziwa, sakusiya msanga. Ndiye ndakhala pansi pa mango ndi kope lako lakale la masamu, kuti ndilembe zimene pakamwa panga pakhala pakukana kunena kwa milungu itatu. Lero sindinapite kudepoti. Anzanga ogulitsa kanyenya wa nsomba akuganiza kuti ndadwala, ndipo sanaphonye kwenikweni. Kalembedwe kanga ukaona wekha, kakuyenda chammbali ngati nkhanu, koma uwerenge mpaka kumapeto. Uwerenge lero lomwe, usakatsegulire ku Blantyre.

Mawa ukupita kukaphunzira unamwino. Kutchalitchi akundigwira chanza, kumsika akuti ndinabereka, koma ine mtima uli m'mwamba. Si chakudya cha kumeneko chimene chikundidetsa nkhawa, kapena kuzizira kumene anthu amanena. Nkhani ndi iyi: iwe ndi Asiyatu munasankhidwa limodzi, munapempha chipinda chimodzi, koma lero yakwana milungu itatu simukulankhulana. Iye anyamuka ndi minibasi yoyamba, iwe wati udikira ya masana kuti usaone nkhope yake. Ukupita kumzinda wa eni, kumene palibe amene amadziwa ndi dzina lomwe la amayi ako, ndipo munthu mmodzi yekhayo amene angazindikire kuti wadwala usananene, wamutaya chifukwa cha buku. Ndikufuna ukwere yoyamba ija. Zonse zimene ndilembe pano zikubwerera pamenepo.

Pakhoma la chipinda chako pakadali kalendala imene unaitembenuza n'kulemba mizere khumi ndi iwiri kumbuyo kwake. Unanena kuti m'miyezi itatu yodikira koleji uwerenga mabuku a nkhani zopeka khumi ndi awiri, ndipo sudzatsatiza awiri a mtundu umodzi: lachikondi likatha pabwere loopsa, loopsa likatha pabwere la nkhondo zakale, choncho mpaka kumaliza. Asiyatu naye analemba mizere yake. Mabukuwo munkatapa m'bokosi la azakhali ake, aphunzitsi opuma aja, ndipo munapangana kuti wotsalira adzachapira mnzake yunifolomu mwezi woyamba. Mizere khumi ndi umodzi unaichonga ndi khala. Womalizawo uli woyera mpaka lero, ndipo m'mawa uliwonse ndikamasesa m'chipindamo ndimauzemba ndi maso.

Amene anachotsa mapepala a kumapeto a buku lomaliza lija si Asiyatu. Ndine.

Linali Lachinayi. Unabwera kudepoti kudzandithandiza, n'kukhalira thumba langa la mapepala okulungira, buku lili m'manja monga mwa masiku onse. Bukulo ndi lakale, ndipo dzuwa la kuno silisiya guluu ali ndi mphamvu. Kachigawo ka kumbuyo kanapulumuka n'kugwera m'thumbamo iwe osaona, poti lamulo lako ndi lakuti susuzumira kumapeto. Utabwerera kunyumba, ndinapisa dzanja n'kutulutsa mapepala asanu ndi atatu ogwirana. Ukudziwa mmene ndimachitira. Ndisanakulungire nsomba ndimayang'ana zinthu ziwiri zokha papepala: ngati pali mawu a m'Baibulo, kapena zilembo za Chiarabu, chifukwa zimenezo sitikulungira. Apa panali Chingerezi chabe, chopanda manambala a mavesi, ndiye ndinati ndi zotsala za makope amene ndimagula pakilo. Ndipo ife ogulitsa timang'amba kuyambira kumbuyo, usandifunse chifukwa, ndinapeza zili choncho. Atatu ndinakulungira. Ndinaleka chifukwa anali aang'ono, utaka unkatulukira mchira, mwakuti ndinamunyogodola mumtima amene anawadula motero. Asanu otsalawo ndinawabwezera m'thumba.

M'mawa mwake ndinali kupala utaka pakhonde pamene unatuluka ndi buku, nkhope itasintha. Unati nkhani yathera pakati pa chiganizo, wofufuza milandu uja atangosonkhanitsa anthu onse m'chipinda chimodzi kuti atchule amene anapha mwini hotela. Nditaona kukula kwa mapepala a bukulo ndi chikasu chake, ndinazindikira kuti ndi aja ndinakulungira nsomba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma unanditsogolera ndiwe.

"Munthu wong'amba buku ndi mbuli," unatero. "Mbuli yeniyeni, yosadziwa kusiyanitsa buku ndi pepala lokulungira mandasi."

Nthawi yomweyo Asiyatu analowa pachipata akumwetulira, dzanja lili m'chikwama. Sunamupatse ndi moni womwe. Unamukumbutsa kuti pokupatsa bukulo anakuseka kuti, "Ili lokha sulimaliza," ndipo unati tsopano wamva tanthauzo lake, anang'amba dala kuti apambane. Mawu a umbuli aja unawabwereza iye akumva. Asiyatu anayang'ana iwe, anayang'ana ine, anatulutsa dzanja m'chikwama lopanda kanthu, n'kutembenuka. Ine ndinaweramira beseni langa ngati utaka ukundiuza nkhani yofunika.

Mapepala asanu aja ndinakawatenga m'thumba tsiku lomwelo n'kuwabisa pansi pa sutikesi yanga, pamene ndimasunga zitenje za kumaliro. Akhala pamenepo milungu itatu. Ukafunsa kuti ndinakhaliranji chete, yankho ndi mawu amodzi aja. Mbuli. Ndakhala ndikuwathawa mawu amenewa kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinkati bola awanene wina aliyense, koma osati mwana amene ndinamutuma kusukulu ndekha kuti asadzafanane nane. Ndinaopa kuti ukadziwa, chithunzi chimene upite nacho ku Blantyre chikhala chimenecho: amayi anga, amene anakulungira nsomba m'buku. Manyazi anandikulira kuposa mwana wa mwini amene ankanyozedwa m'malo mwanga, ndipo ndikulemba izi nkhope ikunditentha.

Usaganize kuti ndimadana nawo mabuku ako. Miyezi itatu iyi ndakondwa kuposa mmene ndinakuonetsera. Ukawerenga unkabwera kudzandifotokozera m'Chichewa ine ndikutumbula nsomba, mwakuti khumi ndi limodzi aja ndinawawerenga nanenso, ndi makutu. Lachikondi lija, la mtsikana wokana mwamuna wabwino mpaka tsamba lomaliza, linandipsetsa mtima mwakuti ndinatsala pang'ono kupsereza mafuta. Loopsa lija, la nyumba imene zitseko zake zinkatseguka zokha, unakhala nalo sabata yonse ukundipempha kuti ndiime pakhomo la bafa, iwe wamkulu ndithu. La anthu a m'tsogolo, okhala kumwamba n'kumalima ndiwo m'mabotolo, ndinati ndi bodza lopanda mchere, komabe ndinkafunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. La nkhondo linakulemera, unafuna kulisiya pakati, ndipo ndine amene ndinakuuza kuti nsomba ya minga yambiri ndi imene imakometsa msuzi. Unalimaliza. Ndinaona pamenepo kuti ukati uchita chinthu umachitadi, ndipo ndinanyada. Tsopano khalidwe lomwelo likundiopsa, chifukwa watinso sudzalankhulanso naye Asiyatu.

Ndili mu Sitandade 6 ku Lungwena, ndinali wamkulu kale m'kalasimo poti sukulu ndinayamba mochedwa. Padoko pankabwera mwamuna wina wogula usipa, wa nsapato zoyera ndi wotchi yonyezimira, ndipo anayamba kunena za ukwati. Tsiku lina ndinaona kuti wotchi ija ikuti teni koloko dzuwa likutuluka kumene, masana inkatibe teni koloko. Ndinafuna kufunsa, koma ndinaopa kuti andiseka kuti wakumudzi sadziwa mawotchi a m'tauni. Ndinasiya sukulu n'kumadikira ankhoswe ake. Chimene chinabwera ndi uthenga wakuti ali ndi mkazi ndi ana atatu ku Balaka. Aphunzitsi ananditumira mawu kawiri kuti ndibwerere m'kalasi, ine manyazi, sindinapite. Kukoleji ukapeza mawotchi ambiri otero, Tiyamike, ena ovala mataye, ena oyendetsa magalimoto a abambo awo. Ukaona chinthu chosayenda bwino, funsa pomwepo, ngakhale akuseke. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyadi. Mabuku achikondi aja uziwerenga ndithu, amatsitsimutsa, koma uzikumbukira kuti mmenemo wolemba amakhala atamufufuza kale mwamunayo. Kunja kuno wofufuza ndiwe wekha, ndi mnzako amene angakuuze zoona.

Uli ndi miyezi isanu ndi itatu unadwala chifuwa ndi kutentha thupi. Kuchipatala namwino anandipatsa botolo la mankhwala amadzi akulankhula mothamanga, theka Chichewa theka Chingerezi, mzere uli wautali kumbuyo kwanga. Anafunsa kuti, "Mwamva, mayi?" Ine ndinati, "Eya, ndamva," ndisanamve kanthu. Kunyumba ndinakumwetsa ndi sipuni yaikulu yodyera phala m'malo mwa kachivundikiro ka botolo, n'kuwonjezera pang'ono kuti uchire msanga. Unagona tulo tachilendo, thupi lili lefu, ndikakugwedeza osalira. Abambo ako anali panyanja. Ndinakubereka n'kuthamanga wopanda nsapato mpaka kuchipatala komwe kuja, ndipo ngakhale pamenepo ndinayamba ndazungulira ndisanaulule za sipuni. Mulungu anakusunga, si nzeru zanga. Ukadzavala yunifolomu yoyera ija uzikumbukira ichi: mayi amene wayankha msanga kuti wamva, ndiye amene sanamve. Umuuze abwereze zimene wanena. Umuonetse ndi dzanja pamene mankhwala ayenera kulekezera. Ndipo mawu aja usadzamunene nawo, ngakhale mumtima, chifukwa amawamva. Ife timawamva ngakhale munthu sanatsegule pakamwa.

Za Lusiya sindinakuuzepo, ndipo pamene unkandifotokozera buku la nkhondo lija ndinkangomva mawu ake. Anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo, wa banja limene linathawa nkhondo ku Mozambiki. Tinkayanika usipa pathandala limodzi, wina akapita kukatunga madzi wina ankaingitsa akhwangwala. Tsiku lina beseni langa latsopano linasowa, ndipo poti iye ndi amene anatsala padoko, ndinamunena pamaso pa anthu kuti obwera ndi choncho, manja awo sakhazikika. Patapita masiku anayi beseni linapezeka m'bwato la alamu anga, analitenga kukakapira madzi osandiuza. Ndinati ndikapepesa mawa. Mawalo linakhala sabata, sabata inakhala mwezi, ndipo tsiku limene ndinalimba mtima ndinapeza nyumba yawo ili pululu, atabwerera kwawo. Mpaka lero sindidziwa ngati ali moyo. Kupepesa kuli ngati nsomba yaiwisi, mwana wanga, sikugonera. Ine ndinazidziwa zimenezi ndi misozi, komabe ndalola kuti za iwe ndi Asiyatu zigonere milungu itatu. Pamenepa ndiye pakundiwawa kwambiri, kuti munthu ungakalambe osaphunzira.

Ndikusekeko pang'ono, kuti ndipumire. Wawerenga mabuku awiri a ofufuza milandu, wina mpaka kumapeto, wina kutsala mapepala asanu ndi atatu, koma wolakwa wakhala nawe nyumba imodzi, akukuphikira, akununkha mafuta a kanyenya, iwe osamugwira. Sunadabwe kuti ndasiya kufunsa za mwini hotela uja, ine amene ndinkakulondola mpaka pachitsime kuti undiuze? Unandiuza wekha kuti m'mabuku amenewa, amene aliyense amamuloza chala poyamba sakhala iye. Unaiwala msanga pamene nkhani inatuluka m'buku n'kufika pakhonde pathu. Kumene ukupitako kudzasowa sopo, kudzasowa chaja cha foni, kudzamveka mawu amene sunanene. Usathamangire woyamba amene wabwera m'mutu mwako. Mtima wako ndi wachangu ngati wa abambo ako, ukayaka suyang'ana chimene chili pafupi. Uziyamba wafunsa.

Lolemba lapitali ndinakumva pafoni ukufunsa ngati kukoleji angakusinthire chipinda. Ndinaona ngati Lusiya akubwerera kwawo kachiwiri, ndipo ndinati mapepala atatu aja ndiwasaka, mwina ndikabwera nawo onse asanu ndi atatu pakamwa panga patseguka. Ndinayamba kufunsa akabaza amene amadya kwa ine, mmodzimmodzi, ngati akukumbukira kapepala kakang'ono kachikasu. Anandiseka mpaka ena kugwira njinga kuti asagwe. Wina anati, "Mayi, ife timadya nsomba, pepala sitidya." Wina anati lake anapichirira fodya ndipo linasuta bwino, kaya ndi zoona kaya ankangondiseleula. Mayi wogulitsa tiyi uja anati mapepala onse amene amagwa pamenepo amayatsira mbaula, ndisavutike. Ndinali nditataya mtima pamene Che Bwanali, mjomba wake wa Asiyatu, anaimitsa njinga dzulo n'kunena kuti iwo akukumbukira. Anati tsiku limenelo sanadyere padepoti, anatengera kunyumba, ndipo akukumbukira chifukwa Asiyatu anawalanda pepala nsomba asanamalize.

Abambo ako atafika kuchokera ku Lungwena kudzakuperekeza, ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anangoti, "Mlandu suola. Pita kwa mwana wa eni, kenako umuuze wako."

Lero m'mawa, iwe ukuchapa, ndinanama kuti ndikupita kukagula mafuta, n'kupita kwa Asiyatu. Ndinamupeza akusita. Atandiona anazimitsa moto wa simbi, n'kundiyalira mkeka, osafunsa chimene ndadzera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope, ndipo pakati pa kopelo panali pepala lija, lowongoledwa bwino, mafuta atalilowerera mwakuti ukalikweza kudzuwa zala zimaonekera kuseri. Ndi lomaliza lenileni, poti ndi limene ndinayamba kung'amba.

"Unadziwa?" ndinamufunsa.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, amayi. Mjomba amagula kwa inu nokha."

"Nanga bwanji sunanene, mnzako akukunyoza chotero?"

"Ndinabwera kudzanena, ndinkati tiseka tonse. Koma nditamva mawu aja, n'kukuonani mmene munaweramira, walahi sindikanatha. Akanawameza bwanji mawuwo atadziwa kuti wanena amayi ake? Ndinati bola akwiyire ine. Ine ndine mnzake chabe."

Ndinalira pamaso pa mwana, Tiyamike, ine mayi wamkulu, pamkeka wa eni. Mtsikana wa msinkhu wako wasenza manyazi anga milungu itatu, akudutsa pamsika anthu akumunong'ona kuti ndi uja anang'ambira mnzake buku, ndipo sanatsegule pakamwa. Anandionetsa kalendala yake. Buku lake lomaliza analimaliza kalekale, koma mzere wake sanauchonge. Akuti mpikisano wa munthu mmodzi si mpikisano.

Ndinadzeranso kwa azakhali ake, eni bukulo, kukagwada. Anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti mabuku ena m'bokosi mwawo adyedwa ndi chiswe popanda wowatsegula, ili lokha ladyetsako anthu. Anati ulitenge, likhale lako. Pobwerera ndinamupempha Asiyatu pepala lija kuti ndiliike m'kalata muno. Anakana mwaulemu, koma anakanadi.

"Ili ndimupatsa ndekha m'manja, m'minibasi," anatero. "Awiri otayikawo ndimuuza pakamwa, bukulo ndinaliwerenga. Akafuna kudziwa wakupha, akhale pafupi nane."

Ndiye mapepala asanu ali m'kalata muno, ndawapinda pakati. Awiri anapita ndi utsi. Lomaliza lili ndi mnzako. Buku lako la khumi ndi chiwiri sungalimalize wekha, ngakhale utalimba mtima bwanji, ndipo ine ndikuona ngati Mulungu wandikonzera chimene ndinawononga, kuposa mmene ndikanachikonzera ndekha.

Koleji yako kwa ine ili ngati dziko lija la ndiwo za m'mabotolo. Sindidziwa kumene amatunga madzi, sindidziwa amene munthu amamugogodera akadwala, sindidziwa ngati kuli wina amene amaona kuti mwana uyu lero sanadye. Iwe umadwala mwakachetechete, umati ndi mutu chabe pamene ndi malungo, ndipo amene amakudziwa zimenezi kupatula ine ndi Asiyatu. Iye amaopa kuwoloka misewu ikuluikulu, iwe suopa. Iwe umaopa zitseko zotseguka zokha, iye amaseka. Iye akamasala kudya mwezi wa Ramadani uzimusungira chakudya chake, iwe ukamapita kutchalitchi iye azikudzutsa. Mwakhala mukuchita zimenezi kuyambira muli ku pulayimale popanda wokuuzani. Kuyenda awiri si mantha, mwana wanga. Ukwere yoyamba ija.

Zina ndi zazing'ono, koma ndizinene, mwina mawa pakamwa padzandiuma. Neti ndaiika pansi pa chikwama, uimange tsiku lomwelo, usati mawa. Usipa wouma uli m'chitini chotsekedwa bwino. Ena akadzakwinya mphuno usachite nawo manyazi, ndi umene wakufikitsa kumeneko, ndipo pakutha pa mwezi omwewo adzakugogodera. Mabuku a unamwino adzakhala aakulu ndi ouma, ndikudziwa, koma upeze kalendala ina, uitembenuze, ulembe mizere ina. Isachite kukhala khumi ndi iwiri, ngakhale inayi pachaka. Uzisakanizabe monga unkachitira, chifukwa ndinaona mmene zinkakuchitira: loopsa linkakuchititsa kundifuna, loseketsa linkakubwezera chilakolako cha chakudya, la nkhondo linakuchititsa kupatsa moni agogo a ku Mozambiki aja amene kale unkangowadutsa. Munthu wodya mtundu umodzi wa nsomba amayesa kuti nyanja yonse ndi yomweyo. Ndipo buku la eni usamalikhazike pafupi ndi thumba la mapepala la munthu wina aliyense. Limeneli ndi langizo limene ndalilipira modula.

Chimene ndikuopa kwenikweni ndichinene poyera. Ndikuopa kuti ubwera patchuthi choyamba ukulankhula mothamanga, theka Chichewa theka Chingerezi, ine n'kumayankha kuti eya ndamva. Ndikuopa kuti udzandibisa kwa anzako atsopano. Mwina kalata ino ndi imene ikupatse chifukwa chochitira zimenezo, ndipo ndaiganizira mbali imeneyo masiku onsewa. Komabe ndasankha kuti upite ukundidziwa mmene ndilili uli ndi mnzako, kusiyana n'kuti upite ukundilemekeza pabodza uli wekha. Ngati mawu aja ukufuna kuwabwereza, uwabwerezere kwa ine mwini wake, ndili pano mpaka mawa, ndiwalandira. Ndi zoona kuti sindinasiyanitse buku ndi pepala lokulungira. Koma umbuli umene ndikuchita nawo manyazi lero si umenewo. Ndi uja wokhala chete.

Ukamaliza kuwerenga usachite kundifunafuna kuti tikambirane, ngati mtima sunakonzeke. Ndikhala kuseri ndikukonza kamba wa paulendo. Ukafuna kulira, lira. Ukafuna kuseka za fodya uja, seka, nanenso ndasekako pang'ono polemba. Chimene ndikupempha ndi chimodzi: chikwama chikhale chomangidwa lero, chifukwa abambo ako achikweza panjinga kukangocha.

Asiyatu wati akhala mpando wachiwiri kumbuyo kwa dalaivala, ndipo pampando wa pawindo aikapo chikwama chake, poti amadziwa kuti umachita nseru ukakhala pakati. Koma minibasi ukuidziwa, imanyamuka ikadzadza, ndipo kondakitala akaufuna mpandowo, mwana uja sangaukanirire mpaka kalekale. Wakudikira kale milungu itatu. Usamudikiritsenso padepoti.

Mukakawoloka Liwonde bukulo lidzakhala litatha. Undiimbire pomwepo, usadikire kufika. Ine ndimati wakupha ndi wophika wa pahotela uja, iwe unkati ndi mphwake wa mwini hotela, ndipo ndakhala milungu itatu ndi mapepala asanu pansi pa sutikesi osatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi kuti ndidziwe. Undiuze m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndipo ndikapanda kumva ndikuuza kuti sindinamve. Kenako umupatse foni Asiyatu, ndimve mawu ake ali pafupi ndi ako. Khala lija ndaliika pawindo la chipinda chako. Ndikamva mawu awiriwo, ndikalowa ndekha kukachonga mzere womaliza.

Ndine amayi ako,
amene manja awo akadali kununkha mafuta, ndipo aipaka kale kalata ino pakona.